Kalasi Yanga Inali M'thumba

Sukulu yanga inalibe khonde,
inalibe belu, ngakhale mtengo wousa pansi pake.
Inali ndi mng'alu umodzi pagalasi,
wochokera pakona mpaka pakati,
chikumbutso cha tsiku lomwe foni inagwa pa simenti ya ku Kapata
ndikuthamangira munthu woiwala chenji.

Zaka zinayi ndinawerenga malamulo m'kanyumba kamalata
momwe ndimatumizira anthu ndalama.
Pakati pa "ndiikireni fifite" ndi "nambala yalakwika"
ndinkameza ndime imodzi ya mapangano,
yosatafuna bwino.
Mphunzitsi wa malamulo a malo sindinam'gwirepo chanza.
Ndimadziwa chifuwa chake,
ndi momwe nkhope yake inkaumira, kukamwa kuli yasa,
netiweki ikathawira kuseri kwa Kanjala.

Magetsi akazima ku Mchini
mlongo wanga Lekeleni ankatsitsa wokwera womaliza,
n'kupalasa mumdima kukasaka kwa jenereta,
sukulu yanga yonse ili m'thumba la malaya ake.

Digiri inabwera pa basi,
envulopu yake ikununkha anyezi wa munthu wina.

Koma pepala silivala mkanjo wakuda.
Ndinabadwira ku Chipata, inde,
osadziwa kuti kuli chipata china ku Lusaka,
chopapatiza, choti munthu adutse cham'mbali
atapuma mpweya wonse.

Kumeneko ndinakhala pa benchi koyamba.
"Munaphunzira kuti?" anafunsa mnyamata wa tayi yofiira.
"Pa foni."
Anaseka mpaka kugwira phewa la mnzake.
"Ndiye milandu yanu mudzaziwina pa foni pomwepo."

Tsiku la mayeso anatilanda mafoni pakhomo.
Maola atatu, cholembera, pepala loyera mbee.
Chala chachikulu ndicho chinapita kusukulu;
zinazi zinali alendo,
zinatopa funso lachitatu lisanathe.

Zotsatira zinandipeza m'kanyumba komwe kaja,
Lachinayi, kunja kuli mzere wa anthu asanu.
Mndandanda unali waufupi ngati lisiti.
Ndinatsika nawo:
Sakala.
Sichone.
Ndinakweranso.
Pakati pawo, pomwe payenera kukhala Shawa,
panadutsa mng'alu uja.
Ndinapendeketsa foni padzuwa,
kuti mwina dzina labisala pansi pake.

"Asisi, tikuchedwa," anatero wa kutsogolo.
Ndinamuikira handiredi yake.

Wa tayi yofiira nayenso panalibe.
Ndinayembekeza kuti ndikondwa. Sindinakondwe.
Panali namwino wa ku Lundazi,
yemwe tinkakumana usiku ngati timabokosi tiwiri pagalasi,
mwana wake akulira kumbuyo.
Ameneyo anadutsa.

Tsono anthu akandifunsa
ngati ophunzira pa foni amakhoza,
ndimati: mmodzi ndikum'dziwa.
Wina ndikum'dziwanso bwino kwambiri,
anagwa mapepala awiri,
lina la maakaunti,
iye wowerenga ndalama za anthu kuyambira sikisi m'mawa.
Lekeleni anaseka mpaka misozi,
kenaka anakhala chete, n'kupita kukapopa tayala losaphwa.

Amayi ananditcha Tikambenji.
Sabata yonseyo dzinalo linandikwana.

Dzulo kunabwera mayi wa ku Navutika,
mpango wakuda kumutu, kalata m'chitenje.
Abale a malemu akufuna nyumba mwezi usanathe.
Ndinawerenga kawiri.
Ndinati musasaine chilichonse.
Ndinamuuza zomwe lamulo limanena za mkazi wamasiye ndi ana,
khomo loti akagogode kukhoti,
ndi mapepala oti anyamule.

"Kodi ndinu loya?"
"Ayi, mayi. Sindinafike."
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
ngati woyesa nsalu ndi maso.
"Nanga ndikupatseni zingati?"
"Sindiloledwa kulandira."

Atapita ndinapeza nthochi zinayi pa kauntala.

Ndinadya imodzi.
Ndinagula bandulo ya sabata.
Buku la maakaunti lili pa tsamba lachisanu ndi chiwiri,
ndipo masiku ano ndimalemba ndi dzanja,
kuseri kwa malisiti akale,
kuti zala zinayi zija nazonso zilowe sukulu.